Tinalipira kuti atiyerekezere mitengo ya mapulani atatu a nyumba

Kampani imene ndikuikamba pano imagulitsa mapulani a nyumba pa intaneti, koma chimene chinandikopa ine ndi ntchito ina imene amagwira pambali. Ukasankha mapulani osapitirira atatu n'kulipira kandalama kena kapamwamba, amakuwerengera mtengo womangira nyumba iliyonse, amakutumizira chikalata chofananitsa mitengoyo, kenako amakulumikiza ndi quantity surveyor wawo, katswiri wowerengera zipangizo ndi mtengo womangira, kuti mukambirane pa foni. Ine ndi bambo a kunyumba tinali titagula kale malo, ndipo tinkangokokanakokana pa nkhani ya pulani. Iwo ankafuna yosanja, ine ndinkafuna yapansi yokhala ndi khonde lalikulu. Tinaona kuti ndi bwino manambala atiweruze.

Ndinene msanga maganizo anga: ntchitoyi ndi yoyenera ndalama imene amalipiritsa, ndipo ndingauze mchemwali wanga kuti apiteko. Koma phindu lake silili pa tsamba loyamba la chikalatacho, pamene anthu ambiri amathera. Lili m'masamba a kumbuyo, momwe alembamo chinthu chimodzichimodzi, komanso m'kucheza ndi munthu amene anawerengayo.

Mitengo ya zipangizo imasintha pafupipafupi, choncho m'malo motchula ndalama ndingoti mtengo wa pulani yoyamba ndi 100, ndipo enawo ndiwayerekeza ndi umenewo.

Pulani yoyamba inali yosavuta: makona anayi, mamita 9 m'lifupi ndi mamita 12 m'litali, kutanthauza masikweya mita 108. Zipinda zogona zitatu, bafa ndi chimbudzi chimodzi, denga la mbali ziwiri. Yachiwiri, imene ndinaikonda kwambiri, inali yopindika ngati L, zipinda zogona zitatunso koma cha makolo chili ndi bafa lake, khonde lalikulu pamene nyumba yapindikirapo, denga la mbali zambiri. Pa chithunzi inkaoneka bwino zedi. Iwo analemba kuti ndi masikweya mita 126. Yachitatu inali ya bambo, yosanja, mamita 8 mbali zonse, pansi 64 pamwamba 64, zonse pamodzi 128.

Tsamba loyamba lili ndi tebulo laukhondo: kukula kwa nyumba, mtengo wonse, ndi mtengo wa sikweya mita imodzi. Yoyamba 100, yachiwiri 115, yosanja 135. Ukagawa ndi kukula kumene analemba, ya L imatuluka yotchipa kuposa zonse pa sikweya mita. Ndinasangalala, chifukwa zinkaoneka ngati ndikupeza nyumba yaikulu pa mtengo wabwino. Apa ndi pamene pali dandaulo langa lalikulu ndi kampaniyi. Mu 126 muja anaphatikizamo khonde la mamita 3 ndi 6, lomwe ndi masikweya mita 18. Ukachotsa khondelo, nyumbayo ndi 108, ndendende ndi yoyamba ija. Khonde lilibe makoma a mbali zonse, lilibe mawindo, lilibe zitseko, ndiye kulimanga n'kotchipa; ukaliwerengera ngati chipinda, limatsitsa mtengo wa sikweya mita wa nyumba yonse. Zakuti khonde lili momwemo analemba ndithu, koma ndi timalemba ting'onoting'ono pansi pa tsamba. Nkhani yofunika chonchi imayenera kukhala mu tebulo mwenimwenimo.

Ndipo 108 yemweyo amayeza kunja kwa makoma. Makoma akunja a mapulani awo ndi okhuthala mamilimita 230. Pa nyumba yoyamba, mkati mumatsala mamita 8.54 ndi 11.54, omwe ndi masikweya mita pafupifupi 98.5, tisanachotsenso makoma ogawa zipinda. Pa ya L mumatsala pafupifupi 97. Ukagawa mtengo ndi malo a mkatiwa, nyumba imene inkaoneka yotchipa ija imakhala yokwera ndi maperesenti pafupifupi 17. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti kuyeza kunja kwa khoma ndi chinyengo. Palibe njira imodzi imene dziko lonse limatsatira poyeza nyumba. Ku America, muyezo wa ANSI Z765 umayeza nyumba yoima payokha kuchokera kunja, ndipo kuyambira mu April 2022 bungwe la za ngongole za nyumba la Fannie Mae limafuna kuti oyesa mtengo wa nyumba aziutsatira. Ku Germany, lamulo loyezera malo okhalamo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2004 limayeza mkati. Khonde la m'mwamba kawirikawiri amaliwerengera gawo limodzi mwa magawo anayi, osapitirira theka, ndipo malo amene denga latsika pakati pa mita imodzi ndi mamita awiri amawawerengera theka. Ku France, lamulo la Carrez la mu 1996 siliwerengera malo amene siling'i yake ili pansi pa mamita 1.80, ndipo wogula fulati akapeza kuti ndi yaing'ono ndi maperesenti oposa 5 poyerekeza ndi zimene zinalembedwa, ali ndi chaka chimodzi choti apemphe kuti amubwezere gawo la ndalama. Kafukufuku wa kampani ya za malo ndi nyumba ya JLL anapeza kuti nyumba imodzi yomweyo ikhoza kusiyana kukula ndi maperesenti ofika 24 malinga ndi njira yoyezera, ndipo chifukwa cha kusiyana kotere mabungwe a akatswiri anakumana ku World Bank mu 2013 n'kuyamba kukonza muyezo umodzi wotchedwa IPMS. Ngati nkhaniyi inafika pokhazikitsa malamulo, kampani imene ntchito yake ndi kufananitsa mitengo siyenera kuibisa pansi pa tsamba. Akanangoika mizere iwiri, kukula kwa kunja ndi kukula kwa mkati, khonde palokha, basi.

Kavuto kena kakang'ono: mapulani ena pa webusaiti yawo analembedwa mu masikweya fiti, ena mu masikweya mita. Sikweya mita imodzi ndi masikweya fiti pafupifupi 10.76, ndiye nyumba ya masikweya fiti 1,200 imamveka yaikulu pomwe ndi masikweya mita 111 okha. Munthu wosazolowera akhoza kusokonezeka asanafike n'komwe posankha.

Tsopano zabwino, zomwe ndi zambiri.

Masamba a kumbuyo ndi mndandanda wa zipangizo ndi ntchito, umene amisiri amautcha BOQ. Agawa nyumba iliyonse m'zigawo: kukumba ndi maziko, silabu, makoma, ring'ibimu, denga, mawindo ndi zitseko, pulasitala, siling'i, matailosi, mapaipi, magetsi, penti. Chigawo chilichonse chili ndi kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, ndi mtengo wonse, ndipo nyumba zitatuzo aziika moyandikana pa mzere umodzi. Ndinatenga pensulo n'kumatsata mzere ndi mzere, ndipo ndi mmenemo ndinaona kumene 15 wowonjezera wa nyumba ya L akupita.

Nyumba ya makona anayi, ukaizungulira, ndi mamita 42. Ya L ndi mamita 48, ngakhale kukula n'kofanana. Mamita 6 owonjezerawo amamveka ochepa, koma mita iliyonse ya khoma lakunja imakoka zinthu zambiri: ngalande ya maziko, konkire, zitsulo, njerwa za pansi, khoma lenilenilo, ring'ibimu, pulasitala mkati ndi kunja, penti mkati ndi kunja. Khoma likakhala lalitali mamita 2.7, mamita 6 amenewa ndi masikweya mita 16.2 a khoma. Ndi njerwa za mamilimita 215 ndi 102.5 ndi 65, khoma la njerwa ziwiri limadya pafupifupi 120 pa sikweya mita, ndiye ndi njerwa zoyandikira 2,000 zimene sizikukuwonjezerani ngakhale pogona mwana mmodzi. Ngodya iliyonse yowonjezera imachedwetsanso mmisiri, chifukwa pa ngodya ndi pamene amaima kuti aike levulo ndi chingwe.

Pa denga ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Ndinkaganiza kuti nyumba ya masikweya mita 108 imafuna malata ophimba 108. Koma denga limatuluka kunja kwa khoma, ndipo pa mapulani awo limatuluka mamilimita 600 mbali zonse, ndiye pa nyumba yoyamba likuphimba mamita 10.2 ndi 13.2, omwe ndi masikweya mita pafupifupi 135. Kenako pali kupendekeka. Denga lopendekeka madigiri 20 limawonjezera maperesenti 6 pa malo amenewo, pomwe la madigiri 35, lija limaoneka lalitali bwino pa chithunzi, limawonjezera maperesenti 22. Nyumba ya L inali ndi la madigiri 35, la mbali zambiri, lokhala ndi chigwa pamene mbali ziwiri zikumana. Malata a denga lotere amadulidwa mopingasa, ndipo zidutswa zambiri zimangotayika. Matabwa amachuluka, zovindikira pamsana pa denga zimachuluka, ndipo chigwa chija chimafuna mmisiri wodziwa chifukwa ndi pamene madenga ambiri amayambira kudontha. Mu BOQ zonsezi zinali poyera, mpaka kuchuluka kwa zotayika kumene anawerengera pa denga lililonse. Ndinayamikira kwambiri chilungamo chimenechi.

Gawo lotsala la kusiyanako linali bafa lachiwiri. Ndi kachipinda kakang'ono, koma palibe malo odula m'nyumba kuposa bafa ndi khitchini: mapaipi a madzi ozizira ndi otentha, mapaipi otaya madzi, matailosi mpaka m'mwamba, sinki, shawa, chimbudzi, ntchito ya pulambala. Pa pulani ya L bafa la makolo linali kumapeto kwa nyumba, kutali ndi bafa linalo ndi khitchini, ndiye mapaipi ankayenda mtunda wautali. Pa pulani yoyamba, bafa ndi khitchini zinagundana misana pa khoma limodzi.

Kucheza ndi quantity surveyor kunali pafupifupi theka la ola, ndipo ndi gawo limene ndingalipirenso palokha. Anali bambo wofatsa, wosathamanga polankhula, ndipo anali atatsegula mapulani athu patsogolo pake. Nditadandaula za khonde lija sanateteze kampani. Anavomera kuti tebulolo limasokoneza, ndipo anati iyeyo poyerekeza nyumba amayamba waona kutalika kwa khoma lakunja, kuchuluka kwa mabafa, ndi mtundu wa denga, kukula kumabwera pambuyo. Kenako anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Mayi, pa pulani yachiwiriyo, kolido mwaiyeza?"

Ndinati ayi, bambo. Anati ndiyang'ane manambala a pa chojambulacho. Inali mamita 1.1 m'lifupi ndi mamita 8 m'litali, pafupifupi masikweya mita 9. "Amenewo ndi malo omwe mulipira maziko, denga, siling'i ndi matailosi," iye anatero, "koma simuikamo bedi kapena tebulo." Muyezo wa malo okhala umene boma linakhazikitsa ku England mu 2015 umati chipinda chogona munthu mmodzi chisachepere masikweya mita 7.5, cha anthu awiri 11.5. Ndiye kolidoyo inali yaikulu kuposa chipinda cha mwana. Pa pulani ya makona anayi, zitseko za zipinda zinkatsegukira pa kamalo kakang'ono ka masikweya mita osakwana 4. Nyumba ziwiri zofanana kukula, koma zipinda za yotchipayo zinali zokulirapo.

Za nyumba yosanja ndisachulutse, chifukwa nkhani yake inali yosavuta. Bambo a kunyumba ankanena kuti maziko ndi denga n'zochepa, ndipo ankanena zoona: 64 m'malo mwa 108. Koma zimene wapulumutsa pamenepo zimabwerera pa silabu ya pamwamba ndi zitsulo zake, matabwa ndi mitengo yochirikiza pothira konkire, maziko olimba kwambiri, masitepe, makwerero a amisiri, ndi injiniya woti asainire. Khoma lakunja ndi mamita 32 kawiri, kutanthauza 64. Masitepe amadya malo pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo nyumba yosanja imafunanso chimbudzi chachiwiri. Surveyor uja ananena mosabisa kuti yosanja imakhala yanzeru pamene malo ndi aang'ono kapena odula kwambiri, ndipo athu si aang'ono. Ndinakonda kuti sanatikankhire ku pulani yodula, ngakhale kampani yake imagulitsa zojambula za nyumba yosanja pa mtengo wokwera.

Ndinamufunsanso ngati kuchepetsa nyumba ndi theka kungachepetse mtengo ndi theka, chifukwa tinkaganizako zoyamba ndi kanyumba kakang'ono. Yankho linali ayi, ndipo anafotokoza bwino. Nyumba ya mamita 6 ndi 10 ndi masikweya mita 60, koma kuizungulira ndi mamita 32. Pa sikweya mita iliyonse pali mamita 0.53 a khoma lakunja, pomwe pa ya 108 pali 0.39. Khitchini ndi imodzimodzi, bafa limodzimodzi, bokosi la magetsi limodzimodzi, chitseko chakutsogolo ndi chakumbuyo zomwezo. N'chifukwa chake nyumba yaing'ono imaoneka yodula pa sikweya mita, yaikulu n'kumaoneka yotchipa, ngakhale yaikuluyo ndi imene idzakutapeni ndalama zambiri m'thumba. Kuwonjezera mita imodzi pa balaza n'kotchipa. Kuwonjezera chipinda cha madzi n'kodula. Mawu amenewa ndinawalemba kumbuyo kwa chikalatacho.

Pali zina zimene sizinandisangalatse. Chikalatacho chinafika mochedwa kuposa tsiku limene analonjeza, ndipo ndinachita kuwakumbutsa. Pa tsamba loyamba sanalembe tsiku limene anatengera mitengo ya zipangizo; ndinalipeza pa tsamba lomaliza, pamodzi ndi mawu akuti mitengoyi ndi yodalirika kwa miyezi itatu yokha. Mndandanda wa zimene sanawerengere ulinso kumbuyo komweko, ndipo ndi wautali: kusalaza malo, kulumikiza madzi ndi magetsi, thanki ya zonyansa, mpanda, makabati a m'khitchini ndi m'zipinda, ndalama zovomerezetsa pulani, kunyamula zipangizo. Anawerengera ngati malo ndi athyathyathya ndipo nthaka ndi yolimba. Malo otsetsereka kapena nthaka ya dongo yomwe imafufuma ikanyowa zikhoza kusintha mtengo wa maziko kwambiri, ndipo zimenezi sangazidziwe ali pa kompyuta. Sanaikeponso ndalama ya zogwa mwadzidzidzi. Surveyor anatiuza pakamwa kuti tiwonjezere maperesenti 10, koma zikanakhala bwino zikanalembedwa. Munthu amene angatenge nambala ya pa tsamba loyamba n'kupita nayo kukapempha ngongole adzapezeka kuti ndalama zamuthera nyumba isanalowedwe, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa anthu ambiri amene amagula mapulani okonzeratu ndi amene akumanga koyamba ndi ndalama zosunga movutikira.

Chinanso, matailosi, zitseko ndi zida za m'bafa anawerengera za mlingo umodzi wokha, wapakati. Ndikanakonda akanapereka milingo iwiri kapena itatu, chifukwa pomaliza nyumba ndi pamene munthu amatha kusunga kapena kumwaza ndalama. Nditafunsa anati akhoza kutero koma ndilipirenso. Kusintha kulikonse pa pulani nakonso n'kolipira, ngakhale kusuntha windo.

Ngakhale zili choncho, BOQ ija yatithandiza kupitirira pa kusankha pulani. Makontrakitala atayamba kubweretsa mitengo yawo, tinawapatsa onse mndandanda womwewo titafufuta mitengo, kuti aliyense alembe wake pa mzere uliwonse. Mmodzi anatuluka wotchipa kwambiri, koma titayang'ana tinapeza kuti sanalembe kalikonse pa siling'i ndi magatala. Wina anaika matumba a simenti ochuluka kuposa amene surveyor anawerengera, ndipo titamufunsa anakonza yekha. Popanda mndandandawo tikanangoona manambala awiri pansi pa mapepala n'kusankha wochepayo.

Ntchitoyi ingathandize munthu amene ali ndi malo kale ndipo wasiyanitsa mapulani awiri kapena atatu amene akuwafunadi. Amene akungoyang'ana zithunzi adikire kaye, chifukwa miyezi itatu ija idzatha asanayambe kukumba. Amene ali ndi malo ovuta, otsetsereka kapena a madzi, ayambe waitana munthu woti adzaone nthaka ndi maso. Ndipo mukalipira, pemphani pomwepo kuti akulembereni kukula kwa mkati mwa makoma, khonde ndi galaji pazokha, komanso kutalika kwa khoma lakunja la nyumba iliyonse. Manambalawa ali nawo kale, ndipo ine nditapempha ananditumizira osalipiritsa.

Ife tinasankha pulani ya makona anayi. Tinalipira kuti asinthe zinthu ziwiri: awonjezere khonde la mamita awiri kutsogolo pongotalikitsa denga lomwelo, ndiponso aike shawa ndi chimbudzi cha makolo pa khoma lomwe lili kale ndi mapaipi. Atawerengeranso, mtengo unachoka pa 100 kufika pa 107, ndipo zipinda za ana zinatsala kukula kwake komwe kuja.